Ofesi yopezera madalaivala ntchito ku Old Town: mmene inandichotsera pa maulendo akunja, ndi pamene inandikhumudwitsa

Kwa zaka 11 ndinkayendetsa thiraki ya matani 30 pa maulendo akunja, kawirikawiri pa njira ya ku Beira kudzera pa chipata cha Dedza, ndipo nthawi zina pa njira ya ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Chaka chatha ndinatsimikiza mtima zofuna ntchito yoyenda m'dziko momwe muno, makamaka yonyamuka ndi kubwerera mu Lilongwe, chifukwa mwana wanga woyamba anali atalowa Sitandade 8, komanso adokotala anali atandichenjeza kawiri konse kuti magazi anga akuthamanga pamene mankhwala ndinkamwa modumphadumpha malinga ndi kumene ulendo wandigoneka. Amene anandithandiza kupeza ntchitoyo ndi ofesi ina yaing'ono ya ku Old Town imene imalumikiza madalaivala ndi makampani ofuna antchito. Dzina lake sindilitchula, popeza ndili ndi zoyamikira komanso zodandaula, ndipo eni ake sali pano kuti adziyankhire.

Munthu amene sanagwirepo ntchitoyi angadabwe kuti dalaivala wa laisensi ya EC, ija yoyendetsera mathiraki aakulu okoka ngolo, wodziwa bwino ntchito yake, akulipiriranji munthu wina kuti amufunire ntchito. Chimene chimasowa si luso ayi, koma nthawi ndi chinsinsi. Ulendo umodzi wa ku Beira, ukaphatikiza kudikira katundu padoko ndi kudikira mapepala pachipata, umatha kudya masabata awiri, ndipo wa ku Dar es Salaam umatha kupitirira pamenepo. Ntchito zimene zimalengezedwa mu The Nation kapena The Daily Times zimapereka masiku owerengeka oti munthu atumize makalata, moti pofika kunyumba n'kuona katsamba kamene mayi a kunyumba anakudulira, umapeza kuti tsiku lomaliza linadutsa kale. Komanso anthu a mathiraki ndi ochepa ndipo amadziwana. Mabwana oona za mayendedwe m'makampani a ku Kanengo amakumana pa maliro, pa maukwati ndi pogula zipangizo za galimoto, kotero dalaivala amene waonedwa pageti la kampani ina atanyamula envulopu asadabwe akapeza kuti thiraki yake yapatsidwa kwa wina, iye n'kuuzidwa kuti abadikira kunyumba. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mantha anga aakulu anali akuti ndingataye ntchito imene ndinali nayo ndisanagwire imene ndinkaifuna.

Ofesiyi ili m'mwamba mwa nyumba ina yakale kufupi ndi msewu wa Malangalanga, ndipo ndi ya zipinda ziwiri zokha. M'chipinda choyamba muli benchi, kompyuta imodzi ndi mnyamata amene amalandira alendo, pamene m'chipinda chamkati mumakhala bambo wina wachikulire amene nayenso anayendetsapo mathiraki a ku Durban asanapume. Kulembetsa ndinapereka K25,000, ndipo anandipatsa lisiti ya chidindo ndisanaipemphe. Anandiwerengeranso pangano lakuti ntchito ikapezeka ndidzapereka magawo 30 pa 100 alionse a malipiro a mwezi woyamba, ndipo ndalamazo ndidzapereka nditalandira malipirowo, osati ndisanalandire. Ndalama yolembetsera siibwezedwa ngakhale ntchito isapezeke, ndipo zimenezi anazinena poyera, zimene ndinaona kuti n'zaulemu kusiyana ndi kumunamiza munthu.

Chimene chinayamba kundikhazika mtima pansi n'chakuti anakana kusunga mapepala anga enieni. Anaona laisensi, anaona kuti chilolezo changa choyendetsera galimoto za malonda, chimene timachitcha PrDP, chili ndi G ya katundu koma chilibe D ya katundu woopsa monga mafuta, anaona chiphaso cha unzika ndi satifiketi yanga ya JCE, kenako anajambulitsa zonse n'kundibwezera zanga m'manja. Anandiuza kuti ndikatenge kalata ya apolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, imene imafuna kukadinda zala kulikulu la apolisi ku Area 30, komanso kuti ndikawonjezere masiku a PrDP ku Road Traffic popeza inali itatsala ndi miyezi iwiri yokha. Pa nkhani ya ku Road Traffic bambo aja anandilangiza mwamphamvu kuti ndikaime ndekha pamzere m'malo mopereka ndalama kwa madobadoba, chifukwa makampani akuluakulu amafufuza ngati laisensi ili m'kaundula, ndipo pepala lobwera m'njira yokhotakhota likhoza kumulanda munthu ntchito ataipeza kale.

Mbali imene ndinganene kuti ndalama yanga inagwiradi ntchito ndi ya kalata yofotokoza mbiri yanga, ija timaitcha CV. Imene ndinabwera nayo inali ya theka la tsamba, yongonena kuti ndine dalaivala wa zaka 11. Bambo aja anaiyang'ana, anaseka pang'ono, n'kunena kuti, "Achimwene, apa mwalemba ngati munthu amene wakhala akuyendetsa ngolo ya ng'ombe." Anandikhazika pansi kwa ola lathunthu akundifunsa mitundu ya mathiraki amene ndinagwirapo, kuchuluka kwa magiya ake, mtundu wa ngolo zimene ndinakokapo, katundu amene ndinanyamulapo kuyambira feteleza, tirigu, simenti mpaka makontena, ndiponso ngati ndinachitapo ngozi. Nditawauza kuti ndatsika phiri la Kitonga ndi la Chiweta ndi katundu wodzaza kosawerengeka popanda kupsereza mabuleki, anati zimenezo ndizo zoyenera kulembedwa, chifukwa bwana aliyense wodziwa misewu amamva tanthauzo lake. Kalatayo inatuluka ya masamba awiri, yomveka bwino, yopanda bodza ngakhale limodzi.

Panali vuto la kalata ya umboni yochokera kwa olemba ntchito. Pafupifupi kampani iliyonse imaifuna, koma munthu sangapite kwa bwana amene akumugwirira ntchito n'kupempha kalata yomuthandiza kuchoka. Ofesiyi inagwiritsa ntchito kalata ya kampani imene ndinagwirako kale zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo pofuna kusonyeza kuti sindinangokhala chiyambire nthawi imeneyo, inajambulitsa masamba a pasipoti yanga odzaza ndi zidindo za pa zipata za Dedza, Calomue, Songwe ndi Kasumulu. Nzeru imeneyi sindinaiganizepo, koma zidindozo zinalankhula bwino kuposa kalata iliyonse, chifukwa zimasonyeza masiku enieni amene ndinatuluka ndi kulowa m'dziko mwezi ndi mwezi. Kuwonjezera apo anandipempha kuti ndilembe mayina a makampani amene sindikufuna kuti aone mapepala anga, ndipo ndinalemba atatu amene mabwana ake ndi anzawo a bwana amene ndinkamugwirira ntchito pa nthawiyo. Analonjeza kuti sadzaimbira foni kumene ndinkagwira kufikira nditalandira kalata ya ntchito yatsopano. Lonjezo limeneli analisunga kwa miyezi inayi yonse imene nkhaniyi inatenga, ndipo bwana wanga anamva za kuchoka kwanga kuchokera pakamwa panga. Pa chinthu chimenechi chokha ndikhoza kunena kuti ofesiyi ndi yoyenera kuikhulupirira.

Koma pa nkhani ya nthawi inandigwiritsa mwala kawiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti imayendetsedwa ndi munthu amene anayendapo maulendo omwewa. Uthenga woyamba unandipeza pa WhatsApp ndili pamzere wa mathiraki kunja kwa doko la Beira, Lachiwiri madzulo, wondiuza kuti ndikapezeke ku Kanengo mawa lake 8 koloko m'mawa kukayesedwa. Kuchokera ku Beira kufika ku Lilongwe ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 1,000, kudutsa Inchope, Chimoio, Catandica, Changara ndi Tete, ndipo thiraki yodzaza imene ikulemekeza sikelo ndi malamulo a pamsewu siingafike m'masiku ochepera atatu, osawerengera kuchedwa kwa pachipata. Nditaimba foni kuti ndifotokoze, mnyamata uja anangoti, "Pepani bambo, tatumiza wina." Ulendo wachiwiri anatumiza uthenga wamba pa nambala yanga ya kuno, imene siigwira ndikakhala ku Mozambique, ngakhale kuti pafomu ndinalembapo nambala ya kumeneko. Uthengawo unalowa nditangodutsa pa Dedza, patapita masiku awiri mayesowo atachitika. Inali ntchito ya kampani yogawa zakumwa, ndipo mpaka lero ndikaiona lole yawo mumsewu mtima umandipweteka pang'ono.

Nditapita kukadandaula ndinapeza kuti ofesiyi ilibe ngakhale kabuku kolembamo kuti dalaivala uyu ali kunja ndipo abwera tsiku lakuti. Mapepala a munthu amene ali pa ulova ku Mchesi ndi a munthu amene ali pa mlatho wa Zambezi ku Tete amasungidwa m'bokosi limodzi ndipo amaitanidwa m'njira imodzi. Tinagwirizana kuti ndiziwauza tsiku lonyamuka ndi tsiku loyembekezeka kubwera pa ulendo uliwonse, komanso kuti uthenga uliwonse uzipitanso pa foni ya mayi a kunyumba. Njira imeneyi inathandiza, koma anaiganiza ndine, pamene inayenera kukhala chinthu choyamba chimene ofesi yotumikira madalaivala akunja imafunsa. Chilungamo chake n'chakuti mbali ina ya vutoli ndi ya makampani eni ake, amene amafuna dalaivala lero chifukwa wina wawathawa dzulo, koma ntchito ya mkhalapakati ndi kuuza kampaniyo kuti munthu wabwino alipo ndipo afika Lachisanu.

Mwayi wachitatu unandipeza ndili pa tchuthi cha masiku anayi. Inali kampani yogaya ndi kugawa ufa ndi zakudya za ziweto, ndipo galimoto yake inali lole ya matani 15 yopanda ngolo. Dzulo lake bambo aja anandiitana n'kundichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba anati ndisapeputse mayeso obwerera m'mbuyo, ndipo kunena zoona ndinawayankha monyada kuti munthu amene amalowetsa ngolo ya mamita 12 pakati pa makontena padoko sangavutike ndi kalole. Iwo anangoti, "Mukaona mawa." Mawa lake, pabwalo la kampaniyo, anaika migolo inayi kutsogolo kwa khomo la nyumba yosungiramo katundu n'kundiuza kuti ndilowetse lole chambuyo. Nditangoika giya, manja anga anapotoza chiwongolero mmene anazolowerera kwa zaka 11, ndiko kuti kumanja pofuna kuti ngolo ipite kumanzere. Koma lole yopanda ngolo imamvera mosiyana, mbuyo yake imatsata kumene wapotozera, moti pagalasi ndinaona mgolo ukuyandikira tayala lambuyo mothamanga. Ndinaponda buleki patatsala pang'ono kuti ndiugunde, ndinapuma mpweya, ndinabwerera kutsogolo n'kuyambanso, ndipo ulendo wachiwiri ndinalowa bwinobwino. Woyesa uja, amene anali makaniko wamkulu wa kampaniyo, anandiuza pambuyo pake kuti madalaivala ambiri ochokera ku mathiraki aakulu amagunda mgolo womwewo, ndipo chimene iye amayang'ana n'chakuti munthu aima kapena alimbikira.

Kuchoka pamenepo ananditengera m'tauni, kudutsa pa Area 18, kulowera ku City Centre, kutsikira ku Old Town n'kuwoloka mlatho wa Lilongwe nthawi ya masana pamene minibasi, njinga zamoto za kabaza ndi anthu oyenda pansi zimalimbirana msewu umodzi. Kuyendetsa kotereku n'kosiyana kwambiri ndi kwa msewu wautali, kumene munthu amakhala pa giya imodzi kwa theka la ola maso ali patali. M'tauni maso amakhala pa magalasi a m'mbali nthawi zonse, chifukwa wa kabaza amalowa pakati pa lole ndi ngalande ngati kuti ali ndi moyo wina kunyumba. Ndinatuluka m'galimotomo malaya atanyowa, koma ndinakhoza.

Chenjezo lachiwiri la bambo aja linali la mafunso. Anati olemba ntchito za m'dziko muno amawakayikira madalaivala akunja pa zifukwa zodziwika: amaganiza kuti malipiro akangowachepera adzabwerera ku maulendo akunja pasanathe miyezi itatu, amaganiza kuti sadzalola kutsika m'galimoto kukawerengera matumba potsitsa, ndipo ena amaganiza kuti anazolowera kugulitsa dizilo m'njira. Mafunso onse atatu anabweradi, ngakhale kuti lachitatu linabwera mozungulira. Chifukwa chakuti ndinali nditakonzeka, sindinapse mtima, ndinangofotokoza za mwana wanga ndi za matenda anga, n'kuwauza kuti akhoza kufunsa kampani yanga yakale za kagwiritsidwe kanga ka mafuta ndikangopereka notisi. Uphungu umenewu sunali pa pangano lathu, ndipo ndikuganiza kuti unachokera mu mtima wa munthu wachikulireyo osati m'dongosolo la ofesi, chifukwa anzanga awiri amene anathandizidwa ndi mnyamata wa pakhomo uja sanauzidwe chilichonse chotere.

Pa nkhani ya ndalama ndi pamene ndikuona kuti ofesiyi siimuuza munthu zonse. Imatchula malipiro a pamwezi okha, ndipo munthu akawayerekeza ndi malipiro a pamwezi a ntchito yakunja amaona ngati kusiyana kwake n'kochepa. Koma aliyense wa ife amadziwa kuti dalaivala wakunja sadalira malipiro a pamwezi, amadalira alawansi ya ulendo, imene mbali ina imabwera m'ndalama zakunja. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, kandalama kalikonse kakunja kamene munthu wapulumutsa pa ulendo kanayamba kulemera kwambiri kakafika kunyumba. Palinso timatumba ta mpunga wa ku Kyela kapena zigubu za mafuta ophikira zimene munthu amabweretsera banja lake pamtengo wotsika, ndipo zonsezi zimatha tsiku limene wapereka makiyi. Ngakhale malipiro ochepetsetsa amene boma limaika a madalaivala a mathiraki, nkhani imene inali pakati pa madandaulo a sitalaka ya mu 2021 imene inaumitsa mafuta m'mapampu, ndi okwera kwa woyendetsa galimoto ya matani 30 kupita m'tsogolo kuposa woyendetsa yocheperapo. Choncho kutsika kuchoka pa matani 30 kupita pa matani 15 ndi kutsikanso pa mlingo wa malipiro, ndipo palibe amene ananditchulira zimenezi muofesimo.

Nditakhala pansi ndi mayi a kunyumba ndi cholembera, tinapeza kuti ndalama zolowa m'nyumba zitsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mbali inayo tinawerengera zimene sindidzalipiranso: chakudya cha m'njira, alonda a malo ogonera mathiraki, mayunitsi a manambala atatu a foni, ndi chipatala cholipira cha dziko la eni malungo akandigwira. Zimenezi zinabweza pang'ono koma sizinakwanitse kutseka dzenje lonse. Ndinavomera ntchitoyo ndikudziwa kuti walira mvula walira matope, koma ndikanakonda kuti masamu amenewa ndiwachite muofesi muja ndisanapereke K25,000, chifukwa alipo madalaivala amene ali ndi ngongole kapena ana awiri ku sekondale yolipira amene sangakwanitse kutsika chotere, ndipo iwo ndalama yolembetsera amangoitaya.

Chinthu chinanso chimene munthu ayenera kufunsa mosachita manyazi ndi kutalika kwa ntchitoyo. Ntchito zambiri zimene ofesiyi imakhala nazo ndi za nyengo. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo kumafunika madalaivala onyamula mabelo kuchokera ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji kupita ku okushoni ya ku Kanengo, koma msika ukatsekedwa ntchitoyo imatha. Mvula ikamayandikira kumabwera ntchito yogawa feteleza, nayonso ya miyezi yowerengeka. Ntchito za matipa onyamula miyala ndi mchenga zachuluka chifukwa cha misewu imene ikumangidwa mumzinda uno, koma kontirakiti ya dalaivala imatha limodzi ndi ya msewuwo. Pa mndandanda wa ofesiyi zonsezi zimangolembedwa kuti ntchito ya dalaivala, popanda kusiyanitsa ya miyezi inayi ndi yokhazikika. Kwa munthu amene ali pa ulova ntchito ya miyezi inayi ndi dalitso, koma kwa munthu amene akusiya ntchito yokhazikika ndi msampha. Ine ndinakana ziwiri zoterezi nditafunsa ndekha, ndipo mnyamata uja anaoneka wodabwa kuti munthu angakane ntchito.

Mawu akuti ntchito ya m'dziko muno nawonso amanamiza. Kampani ina imene inandifuna imatumiza katundu ku Karonga ndi ku Chitipa, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Lilongwe, kutanthauza kugona m'galimoto masiku atatu kapena anayi pa sabata popanda alawansi yakunja. Amene cholinga chake n'kugona kunyumba afunse mayina a malo amene galimotoyo imapita, osati kungomva kuti siidutsa chipata. Ntchito zimene madalaivala ambiri amazisirira ndi za mathankala otenga mafuta m'madepoti a ku Kanengo kupita kumalo omwetsera galimoto, koma zimafuna D pa PrDP ndi maphunziro a katundu woopsa, ndipo m'miyezi inayi imene ndinali pa mndandanda wawo sindinamve kuti ofesiyi yapeza ngakhale imodzi.

Tsiku limene kampani ya ufa inanena kuti yanditenga, inafuna kuti ndiyambe Lolemba lotsatira. Mnyamata wa pakhomo anandiuza mopepuka kuti ndingosiya makiyi kwa mlonda n'kuzimitsa foni, popeza ambiri amatero. Langizo limeneli ndi loipa, ndipo ndinakhumudwa kulimva m'ofesi imene imalandira ndalama za anthu. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati munthu wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, apo ayi alipire ndalama zolowa m'malo mwa notisiyo. Lamulo lomwelo limapatsa wantchito ufulu wopempha kalata yosonyeza nthawi imene wagwira ntchito ndi udindo umene anali nawo, ndipo munthu wothawa usiku amavutika kuti akaitenge. Ndi bwinonso kudziwa kuti wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama zija zimaperekedwa munthu akachotsedwa popanda kulakwa, koma ndalama zake za penshoni, zimene olemba ntchito amaikako magawo 10 pa 100 ndipo wantchito magawo 5 pa 100, zimakhalabe zake ndipo ayenera kufufuza ngati zinkatumizidwadi mwezi ndi mwezi asanatsanzike. Zanga ndinapeza kuti miyezi isanu inali isanatumizidwe, ndipo zinakonzedwa chifukwa chakuti ndinali ndidakali pantchito ndipo ndinkatha kulowa mu ofesi ya owerengera ndalama tsiku lililonse limene ndinali mu Lilongwe.

Bambo achikulire aja atamva zimene mnyamatayo ananena anamudzudzula pamaso panga, kenako anaimbira okha kampani yatsopanoyo n'kuiuza kuti dalaivala amene angathawe bwana wake lero adzathawanso iwo mawa. Kampaniyo inalola kudikira, ndipo inandipatsa kalata ya ntchito yosainidwa, yotchula malipiro, miyezi itatu yoyesedwa ndi tsiku loyambira. Ndinakana kupereka notisi ndisanaigwire kalatayo m'manja, pokumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Notisi ndinaipereka Lachisanu, ndinayenda ulendo umodzi womaliza wa ku Beira, ndipo masiku otsalawo anachotsedwa pa masiku anga a tchuthi amene ndinali ndisanatenge. Bwana wanga wakale sanakondwe, koma anandilembera kalata yabwino ndipo anandiuza kuti khomo ndi lotsegula.

Poyerekeza ndi njira zina zimene ndinayesa, ofesiyi ili pakati. Magulu a WhatsApp a madalaivala amafulumira kulengeza ntchito ndipo salipiritsa, koma ali ndi makutu ambiri, komanso ndi mmene mumabisala akuba amene amalemba dzina la kampani yaikulu n'kupempha kuti munthu atumize ndalama ya fomu kapena ya yunifomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Mnzanga wina wa ku Area 25 anatumiza ndalama zotere kawiri kwa munthu amene nkhope yake sanaionepo. Kuyenda geti ndi geti ku Kanengo kumathandiza munthu amene ali ndi nthawi ndipo alibe bwana woti amuope. Kudzera mwa mnzako amene ali kale m'kampanimo ndiyo njira yachidule kuposa zonse, koma anzanga ine onse anali a maulendo akunja ngati ine ndemwe. Chimene ofesi ya ku Old Town imaposa nacho njira zonsezi n'chakuti ili ndi khomo loti munthu angagogode zinthu zikavuta, imapereka lisiti, ndipo imadziwa kutseka pakamwa.

Ndalama ya magawo 30 ija ndinaipereka mwezi woyamba utatha, monga mwa pangano, ngakhale kuti mnyamata uja anayamba kundiimbira foni kutatsala sabata kuti tilandire, ndipo anaimba katatu, kamodzi ndili pakati potsitsa matumba ku Mponela. Mwezi umenewo unali wowawa, chifukwa malipiro anali atatsika kale ndipo pamwamba pake panachokanso gawo la ofesi. Ndikanakonda akanalola kuti munthu apereke m'miyezi iwiri. Nditapereka anandipatsa lisiti yachiwiri ndipo sanandipemphenso kanthu.

Tsopano ndatha miyezi isanu pa ntchitoyi. Ndimanyamuka ku Kanengo 6 koloko m'mawa kupita ku Salima, Mchinji, Kasungu kapena Dedza, ndipo masiku ambiri ndimafika kunyumba ku Kawale dzuwa litangolowa, ngakhale kuti tsiku limene ndili ndi masitolo asanu ndi awiri otsitsako katundu msana umawawa kuposa mmene unkawawira pa msewu wa ku Tete. Thumba likasowa powerengera, mlandu umayamba ndi dalaivala, choncho ndinaphunzira kuima pambuyo pa lole ndi kope m'manja, chinthu chimene sindinkachita pamene kontena inali yomatidwa ndi chidindo kuchokera kudoko. Ofesi ija sinandichotsebe pa mndandanda wake ngakhale ndinaiuza kawiri kuti ntchito ndinaipeza kudzera mwa iwo omwe, moti mauthenga a ntchito akubwerabe pa foni yanga ndi ya mayi a kunyumba. Wa sabata ino ndi wa kampani imene ikufuna dalaivala wa lole ya matani 10 yoyenda pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu, ndipo ndautumiza kwa mnzanga amene analembetsa ku ofesi yomweyo mwezi watha. Mayeso ake ali Lachinayi m'mawa, pamene iye wandiyankha kuti adakali pamzere ku Beira ndipo akayenda bwino adutsa pa Dedza Lamlungu.